Kutsuka injini ya galimoto

Galimoto imayenda cifukwa ca injini. Ena amati motoro. Injini imakhala kutsogolo, pansi pa cibvundikiro cacitsulo. Amakaniko amati cibvundikiroco ndi boneti kapena kapo.

Taonani magalimoto onyamula mbatata ya kacewere kucokera ku Angónia kupita ku Tete. M'cilimwe amayenda m'fumbi. M'dzinja amayenda m'matope. Fumbi limalowa pansi pa boneti. Likakumana ndi mafuta a injini limamata, limada bii ngati mwaye wa kudenga.

Kodi dalaivala amatsukiranji injini? Injini yakuda imabisa bvuto. Mafuta akamadontha, iye saona pamene akudonthera. Palinso makoswe. Galimoto ikaima masiku ambiri pafupi ndi nkhokwe, makoswe amamanga zisa m'kati mwake ndi makoko a cimanga. Amatafuna mawaya. Makoko ndi udzu wouma zikakhudza citsulo camoto zikhoza kuyaka.

Ana inu, nchito imeneyi ndi ya akuluakulu. Mwana akhoza kutunga madzi. Akhoza kupereka nsanza. Koma dzanja lake lisalowe pansi pa boneti.

Galimoto ikangofika, injini imakhala yamoto kwambiri. M'kati mwake mumazungulira madzi oiziziritsa. Madziwo amadzera mu ladiyeta, ndipo amafika madigiri 90 kapena kuposa. Amatentha ngati madzi ophikira nsima. Munthu akatsegula cotseko ca ladiyeta pa nthawi imeneyi, madzi ndi nthunzi zimatumphuka, iye n'kupsa kumaso ndi m'manja. Nayonso injini yamoto safuna madzi ozizira. Kodi munaona mphika wadothi wamoto utathiridwa madzi a mumtsuko? Umang'aluka. Citsulo naco cikhoza kung'aluka. Conco dalaivala adikire ola limodzi kapena kuposa. Kenaka ayandikitse kuseri kwa dzanja. Ngati akumva kutentha, adikirebe.

Asanayambe, amange buleki ya dzanja, aike mwala kutayala. Acotse kiyi, aiike m'thumba mwake, kuopa kuti wina angalize galimoto. Pafupi ndi ladiyeta pali fani ndi malamba. Izi zikamazungulira zimadula cala. M'magalimoto ambiri a masiku ano fani imayendera magetsi, ndipo nthawi zina imayamba yokha ngakhale injini itazima.

N'cifukwa cake dalaivala amamasula batire. Batire ya galimoto yaing'ono ili ndi mphamvu ya mavolti 12. Ili ndi mitu iwiri. Wina uli ndi cizindikiro ca +, wina ca −. Zizindikiro zimenezi mumazidziwa kale, ndi zomwe zija za m'masamu. Woyamba kumasula ndi waya wa −. Sipanala isakhudze mitu yonse iwiri pamodzi, cifukwa imathetheka moto. Wosuta fodya aime kutali, pakuti batire imatulutsa mpweya woyaka.

M'batire muli asidi. Asidi amaoneka ngati madzi, koma amadya khungu, amaboola malaya. Pamitu ya batire nthawi zina pamakhala ufa woyera. Si ufa wa nsima, si mcere. Musaukhudze, musaulawe. Wamkulu abvale magolovesi, ausuke ndi mswaci wakale woviika m'madzi a soda wophikira. Inu makolo, asidi akalowa m'diso la munthu, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa. Mukatero thamangani naye kucipatala.

Zinthu zina zimadana ndi madzi. Alitaneta ndiyo imadzaza batire ndi magetsi. Kabokosi ka mafyuzi kamateteza mawaya. Palinso polowera mpweya, pamene injini imapumira. Madzi akalowa pamenepa, injini ikhoza kufa. Zonsezi azikute ndi mapepala a pulasitiki, azimange ndi mphira.

Tsopano kutsuka kwenikweni n'kosabvuta. Acotse masamba ndi makoko. Asese fumbi louma ndi burashi. Asungunule sopo wotsukira mbale m'ndowa, apukute ndi nsanza malo onse akuda. Atsukuluze ndi madzi pang'ono a m'kapu. Asakhuthule ndowa yathunthu, asalozetse paipi ya madzi amphamvu pamawaya.

Anthu ena amatsuka injini ndi petulo, ati imayera msanga. Ine ndikuti ai. Mpweya wa petulo umayenda pansipansi osaoneka. Ukafika pa mbaula kapena pa ndudu, moto umabwerera kugalimoto ndi kwa wotsukayo.

Nanga atsukire kuti? Asatsukire kumtsinje, pacitsime kapena pamjigo. Madzi ocokera pa injini ali ndi mafuta akuda. Amapha nsomba, amaononga dimba, amaipitsa madzi amene ife timamwa. Asankhe bwalo la kutali ndi madzi, ayale mcenga kapena makatoni akale pansi pa galimoto kuti zimwe mafutawo. Pamcengapo ana asasewerepo.

Nthawi zina pansi pa galimoto pamadontha madzi obiriwira kapena ofiira. Ndi mankhwala a mu ladiyeta. Amakongola ngati zakumwa za m'botolo, amatsekemeranso, koma ndi poizoni. Galu akanyambita akhoza kufa. Mwana wokwawa nayenso. Mukawaona, nyamulani mng'ono wanu, itanani wamkulu.

Akamaliza, dalaivala acotse mapulasitiki onse, awawerenge kuti asatsale ngakhale limodzi. Apukute mawaya ndi nsanza youma. Asiye boneti yotsegula padzuwa mpaka paume. Pobwezera batire amayamba ndi waya wa +, wa − pambuyo. Ana onse aime kutali. Ndiye alize injini kwa mphindi 10 kuti cinyezi cotsala cithe.