Zigafa zikugwa, soya akulowa m'minda

Mukamapita ku Kasungu mu Febuluwale, muziyang'ana m'minda mukangodutsa pa Mponela. Pomwe kale panali fodya wa bale yekhayekha, lero muona timbewu tafupitafupi tobiriwira, todzalidwa mbali zonse ziwiri za mzere. Ameneyo ndi soya.

Kwathu ku Dowa tinakulira fodya. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 (kale anali wa maesiteti okha), khomo lililonse linaimika chigafa. Malata, njinga, fizi ya kusekondale, zonsezo zinkachokera ku okushoni ya ku Kanengo. Koma fodya ali ngati khanda losakula, safuna kusiyidwa yekha. Nazale mumafesa dzuwa lili phwee, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Kenako kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha magiredi, kudinda mabelo pa jeke. Ndalama imafika cha mu Epulo kapena kutsogolo, kampani itadulamo kale ngongole ya feteleza. Chiyambireni ulimi wa kontirakiti mu 2012, mlimi wopanda kampani amapita ku okushoni mtima uli m'mwamba, poopa kuti belo lake libwezedwa. Ndipo mu 2021 lamulo linathetsa utenanti, womwe eni minda ambiri ankadalira.

Soya safuna nazale, safuna chigafa, sadula mtengo ndi umodzi womwe. Miyezi inayi wakhwima. Mukazula chomera chimodzi mupeza timibulu kumizu; m'menemo muli tizilombo tosaoneka timene timakoka chakudya cha mbewu mumpweya. N'chifukwa chake alangizi amati tisakanize mbewu ndi inokyulanti tisanadzale, ndipo chimanga chobwera pambuyo pa soya chimaoneka chamafuta. Mbewu monga Tikolore ndi Makwacha zafala. Ogula aliponso: mafakitale a mafuta ophikira, opanga chakudya cha nkhuku, ndi opanga masoya pisi amene asanduka ndiwo ya kugolosale iliyonse.

Anthu a m'maofesi akamanena za ulimi wamakono amaona thirakitala. Ine ndimaona mayi wolima ndi khasu lomwe lija, koma wafupikitsa mizere kufika masentimita 75, akudzala chimanga njere imodzi paphando monga a bungwe la Sasakawa anaphunzitsira, ndipo mtengo wa mtedza akuufunsa pa foni. Mlimi wa kuno sakana zatsopano ayi. Amangofuna kudziwa amene agule.

Funsani a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba za nandolo. Mitengo itakoma, anthu anadzala paliponse, ngakhale kuseri kwa bafa. Mu 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa zoitanitsa kunja, ndipo matumba anafumbwa m'nyumba. Mgwirizano wogulitsa matani 50,000 pachaka unadzabwera mu 2021, ena atazula kale. Nayenso soya mtengo wake umadumphadumpha. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma venda amene wakolowekera sikelo pamtengo wa mango sawerenga zimenezo. Iye ali ndi ndalama m'manja pa tsiku limene mwana wabwezedwa kusukulu. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigula zokolola, nthawi zambiri imatsegula misika mavenda atasesa kale.

Chimanga chokha sichisuntha, ndipo boma lathandizira zimenezo. Kuyambira makuponi a Bingu wa Mutharika mu 2005 mpaka pulogalamu ya AIP ya 2020, gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likuthera pa feteleza wa chimanga. Sindikunyoza nsima. Koma mu 2024 ng'amba itapsereza minda, boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo feteleza wothiridwa m'munda wopanda madzi anangotayika. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera pa Kapichira kutsikira ku Chikwawa ikuyankha funso la madzi kuchigwa. Kuno kumtunda tikudalirabe dimba ndi pampu ya sola ya amene wakwanitsa.

Chaka chomwecho cha 2024 fodya anagulidwa bwino, ndipo m'mudzi mwathu ena amene analumbira kuti sadzamulimanso anayamba kufunsa mtengo wa mapolo ndi udzu wofolerera.