Kodi mumadziwa? Mapiritsi olerera sathamangitsa kondomu m'nyumba

Ntchito yaikulu ya mapiritsi olerera ndi kupewa mimba. Amaletsa dzira kukhwima ndi kutuluka, komanso amalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna uvutike kudutsa. Koma kachilombo ka HIV, chindoko ndi chinzonono sizilabadira zimenezo. Mayi womwa mapiritsi mokhulupirika angathe kutenga matendawa monga wina aliyense. Apa ndi kondomu yokha, ya abambo kapena ya amayi, imene imatchinga mimba ndi matenda nthawi imodzi.

Ngakhale pa nkhani ya mimba yomweyo, mapiritsi amafuna mthandizi nthawi zina. Akamwedwa mosaphonya, osakwana mayi mmodzi mwa amayi 100 ndiye amatenga pakati pachaka. Koma poti munthu amaiwala, chiwerengerocho chimafika pafupifupi amayi 7.

Mukayamba mapiritsi a mahomoni awiri, monga Microgynon, patapita masiku oposa 5 chiyambire kusamba, gwiritsani ntchito kondomu kwa masiku 7. Chimodzimodzi mukadumpha mapiritsi angapo motsatizana. Kusanza mutangomwa, kapena kutsegula m'mimba kwambiri, nakonso kungachepetse mphamvu ya mapiritsiwo.

Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoniwo. Mankhwala ena a khunyu, monga carbamazepine ndi phenobarbital, amachitanso zomwezo. Mukamamwa amenewa, auzeni achipatala msanga kuti akusankhireni njira ina.

Ndipo musapake Vaseline pa kondomu ya labala: mafuta amaifooketsa, imaphulika.