Kachisi wa Jagannath

Kachisi wa Jagannath ndi kachisi wakale wa Ahindu amene ali mumzinda wa Puri, m'chigawo cha Odisha, m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa dziko la India. Dzina loti Jagannath limatanthauza "mbuye wa dziko lonse", ndipo Ahindu ambiri amakhulupirira kuti iyeyu ndi Vishnu kapena Krishna. Puri ndi amodzi mwa malo anayi opatulika otchedwa Char Dham, amene Ahindu amalakalaka kukafikako asanamwalire. Enawo ndi Badrinath, Dwarka ndi Rameswaram.

Mbiri

Kachisi amene alipo lero anayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1100 molamulidwa ndi mfumu Anantavarman Chodaganga ya mzera wa mafumu a Ganga. Nsanja yake yaikulu ndi yotalika mamita pafupifupi 65. Mu 1568, asilikali ochokera ku Bengal motsogozedwa ndi Kalapahad anagonjetsa Odisha n'kuwononga zifaniziro za m'kachisimu. Patapita zaka, mfumu Ramachandra Deva ya ku Khurda inaikamo zina, ndipo mapemphero anayambiranso. Masiku ano kachisiyu amayendetsedwa ndi komiti potsatira lamulo la mu 1955.

Zifaniziro za mtengo

M'makachisi ambiri a Ahindu zifaniziro zimakhala za mwala kapena chitsulo, koma ku Puri ndi zosemedwa kuchokera ku mtengo wa nimu. Zikuluzikulu ndi zitatu: Jagannath, mkulu wake Balabhadra ndi mlongo wawo Subhadra. Popeza mtengo umakalamba, pakapita zaka 8, 12 kapena 19 amasema zatsopano pa mwambo wa Nabakalebara, kutanthauza "thupi latsopano". Usiku, ansembe omangidwa nsalu kumaso amachotsa chinthu chopatulika m'kati mwa zifaniziro zakale n'kuchiika m'zatsopano. Zakalezo amazikwirira m'bwalo la kachisi ngati maliro. Mwambowu unachitika mu 1996 komanso mu 2015.

Ratha Yatra

Chaka chilichonse, mu June kapena July, zifanizirozi amazitulutsa n'kuzikweza pa magaleta atatu akuluakulu a matabwa, omwe amakhomedwa atsopano chaka ndi chaka. Galeta la Jagannath limakhala ndi mawilo 16, la Balabhadra 14, la Subhadra 12. Ulendo usanayambe, mfumu ya ku Puri, yotchedwa Gajapati, imasesa pa magaletawo ndi tsache la chogwirira chagolide, posonyeza kuti pamaso pa Jagannath nayonso ndi wantchito chabe. Kenako khamu la anthu limakoka magaletawo ndi zingwe mtunda wa makilomita pafupifupi 3 kukafika ku kachisi wa Gundicha. Zifanizirozo zimakhala kumeneko pafupifupi sabata imodzi zisanabwerere.

Ololedwa kulowa

M'kati mwa kachisi mumalowa Ahindu okha, ndipo lamuloli lakhala likudzetsa mikangano. Mu 1984 ansembe anakaniza Indira Gandhi, yemwe anali nduna yaikulu ya India, chifukwa anakwatiwa ndi mwamuna wa chipembedzo china. N'chifukwa chake Ratha Yatra ndi yofunika kwambiri: pa masiku amenewa munthu aliyense, kaya ndi wa chipembedzo chanji, amatha kuona Jagannath pamsewu.

Chakudya cha pakachisi, chotchedwa mahaprasad, amachiphika m'miphika yadothi pamoto wa nkhuni. Akachipereka kwa milungu, amachigulitsa pamsika wa Ananda Bazar, pomwe olemera ndi osauka amadyera limodzi posaganizira magulu amene anabadwiramo.