Mawu a kuchipatala: chomwe chimabweza kapena kuthamangitsa omwa ma ARV

Pa Nkaya ndi pa mphambano. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima imakumana pano ndi yopita ku Nayuchi mpaka ku Nacala, ndipo anthu ambiri a kuno moyo wawo ndi wapaulendo: geni, ganyu, usodzi, kukaona abale ku Mozambique. Munthu wotere akamamwa ma ARV, tsiku lina adzaphonya tsiku lokatenga mankhwala. Funso lalikulu ndi lakuti, akadzabwera mochedwa, adzamva mawu otani pakhomo la chipatala?

Dziko lathu lachita zambiri pa nkhani ya mankhwala. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa mu 2004. Mu 2011 Malawi anali woyamba kuika amayi onse oyembekezera omwe ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse omwe akumwa mankhwala, pafupifupi 97 tizilombo tawo tinachepa kwambiri m'magazi. Mankhwala ndiye akugwira ntchito. Ntchito yatsala ndi yosunga munthu pa mankhwalawo moyo wake wonse, ndipo apa lilime limafunika ngati mmene pilitsi lifunikira.

Chidzudzulo chimabala chiyani?

Tiyerekeze mayi yemwe anapita kumaliro kutali, ndalama ya thiransipoti inamuthera, ndipo wachedwa ndi masabata atatu. Wafika pa mzere, namwino watsegula buku lake n'kunena mokweza kuti: "Munali kuti? Mukufuna kufa eti? Khalani kumbuyo, tiyambe tathandiza osunga tsiku."

Namwinoyo mwina akuganiza kuti akumuphunzitsa, ndipo n'zoona kuti mzere ndi wautali pomwe ogwira ntchito ndi ochepa. Koma mayiyu waphunzira zina. Akadzachedwanso adzaopa kubwera, masabata n'kusanduka miyezi. Ena amapita kuchipatala china kukayezetsa ngati atsopano, mbiri ya mankhwala awo n'kutayika. Enanso amabwera ndithu, koma amabisa kuti anadumphitsa masiku, moti dokotala sadziwa chenicheni chomwe chakweza tizilombo m'magazi mwawo. Munthu akamamwa modukizadukiza, kachilombo kamachulukananso, kangathe kuyamba kupima mankhwala, ndipo kangapatsire mwamuna, mkazi kapena mwana woyamwa.

Tsopano timve mawu ena: "Mwachita bwino kubwera, mayi. Chinakuvutani n'chiyani? Tiyeni tione chomwe tingachite kuti chisadzachitikenso." Nthawi yake ndi yofanana, koma mayi uja anena zoona, ndipo vuto lodziwika limapezeka njira yake. Ngati ndi ulendo, angatenge mankhwala asananyamuke. Yemwe tizilombo take tachepa angathe kulandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Wosamuka amapatsidwa kalata yopitira kuchipatala china.

Kufotokoza n'kuchiza komwe

Ambiri amasiya mankhwala chifukwa palibe anawauza zoti ayembekezere. Kuyambira 2019 anthu ochuluka akumwa pilitsi lokhala ndi dolutegravir. Ena limawasowetsa tulo kapena kuwapweteketsa mutu masiku oyamba, ena amanenepa. Wochenjezedwa amabwera kudzafunsa. Wosachenjezedwa amaganiza kuti mankhwala akumudwalitsa, n'kuwaika pansi pa mphasa.

Chimodzimodzi zotsatira za magazi. Kungolemba nambala m'buku sikuthandiza. Munthu auzidwe kuti tizilombo tikaposa 1,000 ndiye kuti pali chofunika kukonza, osati kuti wapalamula. Auzidwenso nkhani yabwino: tizilombo tikachepa mpaka kusaoneka pa makina, ndipo iye akupitiriza kumwa mankhwala, sapatsira mnzake pogonana. Uthenga umenewu umapatsa munthu chifukwa chomwera mankhwala pomwe thupi silikupweteka.

Chiyankhulo nacho n'chofunika. Ku Machinga ndi Balaka ambiri amamasuka m'Chiyao, ndipo agogo angavomere kuti "eya" asanamve kalikonse. Njira yosavuta ndi kuwapempha kuti abwereze m'mawu awo momwe azimwera mankhwala.

Nanga chinsinsi? Kuitana dzina mokuwa kapena kufunsa zakuchipinda chitseko chili pululu kumathamangitsa anthu, makamaka abambo ndi achinyamata. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake komanso kumusala.

Mbali ya aliyense

Ogwira ntchito zachipatala ayambe ndi moni, afunse asanaweruze, ndipo asiye mawu onga akuti "wothawa mankhwala". Anthu omwe nawonso akumwa ma ARV ndipo amathandiza pa zipatala ali ndi mwayi wapadera, chifukwa wodwala amamasuka kwa mnzake amene anadutsa njira yomweyo.

Inu omwa mankhwala, nenani zoona ngakhale mutadumphitsa masiku, ndipo funsani mpaka mumvetse. Mukalankhulidwa mwachipongwe, kadandauleni kwa mkulu wa chipatala, ku komiti ya chipatala kapena kwa ombudsman wa chipatala, koma musalange thupi lanu posiya mankhwala. Ndipo ngati m'banja mwanu muli wina amene anasiya kalekale ndipo akuopa kubwerera, muperekezeni sabata ino. Mankhwala ake akadalipo.