Za Madzi, Mchere ndi Kukomoka pa Nchito Yaitali

Inu alimi a ku Ching'ambo ndi a m'midzi yozungulira Mzuzu, mudziwa bwino lomwe kuti chimanga chifota pa zifukwa ziwiri. Chifota pa chilala. Chifotanso pamene madzi adzala m'dambo nakhala masiku ambiri osaphwa. Masamba ache achita chikasu nalendewera monga ngati chiri ndi ludzu, chinkana mizu yache iri m'madzi. Mlimi woyang'ana masamba okha adzathamangira mtsuko kukathirira, nadzatsiriza kupha mbeu yache. Tsono thupi la munthu lichita chimodzimodzi. Munthu wogwira nchito yolemetsa tsiku lonse akhoza kugwa chifukwa cha kusowa madzi, akhozanso kugwa chifukwa cha kumwa madzi opitirira muyeso. Ndipo iye wakuimirira pambali pache ayenera kuzindikira chimene chamgwetsa asanamtsanulire madzi m'kamwa.

Mau awa ndilembera inu amene mugalauza minda m'miyezi ya October ndi November, inu oumba ndi ootcha njerwa, inu anyamata opalasa njinga za Sacramento kuyambira m'bandakucha kufikira madzulo, ndi inu otsika ndi njinga ku Nkhata Bay kukagula usipa ndi kukweranso phiri tsiku lomwelo. Musanyengedwe ndi kuzizira kwa Mzuzu. Mudzi wathu uli pamwamba, mamita oposa 1,200, koma nyanja iri pansi, posafika mamita 500. Ndipo munthu wotuluka m'nyumba atabvala jekete m'mawa apeza dzuwa lina ndithu asanathe makilomita 50 a njira ija.

THUKUTA NDI MCHERE WACHE

Munthu wolemera makilogalamu 60 ali ndi madzi okwana ngati malita 36 m'thupi mwache, ndiwo pafupi ndowa ziwiri. Madziwo si madzi wamba. Ali ndi mchere, ndipo gawo la mchere limene madokotala ayesa m'mwazi alitcha sodiyamu. Pa muyeso wao, mwazi wa munthu wabwino ukhala pakati pa 135 ndi 145. Ukatsika pansi pa 135 bvuto layamba, ukatsika pansi pa 125 moyo uli pa ngozi.

Pogwira nchito nyama za thupi zitentha monga ng'anjo, ndipo thupi lidziziziritsa ndi thukuta. Wolima pa dzuwa ataya theka la lita kapena lita yathunthu pa ora limodzi, ena kufikira malita 2. M'lita imodzi ya thukuta mutuluka mchere wokwana ngati theka la kasupuni ka tiyi, koma anthu asiyana kwambiri pa ichi: wina malaya ache akauma aoneka mizere yoyera kumsana, mnzache wolima naye mzere umodzi alibe kanthu.

Taonani tsono chinthu chimene ambiri sachidziwa. Thukuta liri ndi mchere wochepa kuposa mwazi. Chifukwa chache munthu wotuluka thukuta wosamwa kanthu, mwazi wache uchepa nukhala wamchere koposa. Amva ludzu, ndipo ludzulo limuuza zoona. Koma munthu wakumwa kosaleka, kuposa thukuta limene ataya, asungunula mwazi wache monga mkazi wothira madzi ambiri m'ndiwo. Kapena mudzati, nanga sakodza otsalawo? Pa tsiku lopumula akodzadi, ngakhale impso sizikhoza kutaya koposa ngati lita imodzi pa ora. Koma pa nchito yaitali yolemetsa thupi liuza impso kuti zisunge madzi, ndipo zisunga ngakhale madziwo achuluka kale. Pamenepo madzi alowa m'nyama zonse nazitupitsa. Zala zikatupa palibe kanthu, pakuti ziri ndi malo. Koma ubongo uli m'chigaza cha pfupa chosatanuka, ndipo ukatupa munthu asokonezeka mutu, agwa ngati wakhunyu, nakhoza kufa.

KUMENE NZERU IYI INACHOKERA

M'chaka cha 1923 mphunzitsi wa za migodi ku England, dzina lache K. N. Moss, anayesa thukuta la anthu okumba malasha m'migodi yotentha, naona kuti akumwa madzi ambiri opanda mchere anali kugwidwa ndi kukokana kwa nyama za m'miyendo ndi m'mimba. Kuyambira pamenepo eni migodi ndi zombo anayamba kuthira mchere pang'ono m'madzi a anchito ao.

Koma zambiri taziphunzira kwa anthu othamanga mipikisano yaitali. Kuli mpikisano wina wotchedwa triathlon, wa nchito zitatu zotsatana popanda kupumula. Wina waukulu, umene autcha Ironman, unayamba ku Hawaii m'chaka cha 1978: munthu asambira makilomita 3.8, natuluka m'madzi kukwera njinga makilomita 180, natsika pa njinga kuthamanga makilomita 42. Ambiri atha maora 12 kapena kuposa. Mlimi angaseke kumva kuti alipo anthu olipira ndalama kuti atope chotero popanda chokolola. Komatu anthu amenewa atithandiza, pakuti madokotala awayesa pa sikelo asananyamuke ndi atafika, natenga mwazi wao, chinthu chimene sichichitika kwa munthu wa khasu.

Ku South Africa kuli mpikisano wa Comrades, wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, pafupi makilomita 90. M'chaka cha 1981 mkazi wina wothamanga kumeneko anakomoka natengedwa ku chipatala. Onse anayesa kuti wauma ndi ludzu, koma mwazi wache unapezeka wosungunuka ndi madzi. Dokotala Tim Noakes wa ku Cape Town analemba za iye ndi za ena otere m'chaka cha 1985. Pa Ironman wa ku New Zealand wa 1997, mwa anthu 100 ali onse amene anayesedwa mwazi atatsiriza, 18 anali ndi sodiyamu wochepa. Ndipo odwala koposa anali iwo amene sanapepuke pa ulendowo, ena mwa iwo anafika olemera kuposa ponyamuka. Chaka chotsatira akulu a mpikisano anatalikitsa malo omwera madzi, naphunzitsa othamanga kusamwa mopitirira, ndipo odwala nthendayi anachepa kwambiri. Zindikirani kuti mankhwala ache sanali mchere wochuluka. Anali kuchepetsa kumwa.

MUNTHU AKAGWA

Choyamba funsani ichi: kodi wagwa ali pakati pa nchito, kapena wagwa atangoileka?

Kugwa kwa munthu wongoleka nchito ndiko kochuluka, ndipo kawirikawiri sikuopsa. Pamene munthu apalasa njinga kapena kuyenda, nyama za m'miyendo zifinya mitsempha nizikankhira mwazi kumtima, monga mpope wa pa dimba. Akatsika pa njinga naimirira chiriri, mpope uja waleka, mwazi utsalira m'miyendo, kumutu kufika wochepa. Aona chizungulire ndi mdima m'maso, nagwa. Musamdzutse, musamkhazike tsonga, musamuunjikire. Mgonekeni chagada pamthunzi, ndi kukweza miyendo yache pa thumba la chimanga kapena pa mpando, kuti ipose mutu. Pakapita mphindi zowerengeka adzayankhula zomveka, nadzakudziwani maina. Pamenepo mpatseni chakumwa ngati ali ndi ludzu. Ndipo inu mwini, pofika pamwamba pa chitunda musaime nji, koma yendani pang'onopang'ono kufikira mtima utakhazikika.

Winanso agwa ndi njala yokha. Wanyamuka m'mawa wosalawa kanthu, pofika 11 koloko manja anjenjemera ndi miyendo yalefuka. Nthochi, mbatata, nzimbe kapena thobwa, limene kuno mulitcha chindongwa, zimdzutsa msanga.

Koma munthu wogwa khasu liri m'manja, kapena wosabwerera nzeru ngakhale mwamkweza miyendo, ameneyo ali pa ngozi, ndipo muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri.

Mgwireni pakhosi ndi pachifuwa. Thupi likatentha ngati mbaula, iye nabwebweta, nadzandira kapena kuchita ndeu popanda chifukwa, ndiko kupsa ndi kutentha. M'kati mwache mwapitirira madigiri 40. Musayembekeze kuti khungu liume, pakuti ambiri akhala akali kutuluka thukuta. Apa madzi afunika ambiri, koma akunja, osati a m'kamwa. Mbvuleni malaya, mtsanulireni ndowa pa ndowa thupi lonse, mkupizeni ndi lichero. Mtsinje ukakhala pafupi, mmizeni kufikira m'khosi, wina atagwira mutu. Yambani kumziziritsa pomwepo, wina akali kufuna galimoto, pakuti theka la ora loyamba ndilo lilamula ngati adzakhala ndi moyo.

Thupi likakhala losatentha kwambiri, funsani anzache kuti wamwa madzi otani. Ngati wakhala akumwa tsiku lonse, botolo pa botolo, wosakodza. Ngati zala zatupa, m'mimba mukhuchumuka madzi, mutu umpweteka koopsa, nasanza madzi okhaokha, ameneyo ndiye chimanga cha m'dambo lodzala. Musampatse madzi konse, ngakhale tiyi. Akakhala ndi nzeru zache zonse, adye chakudya chamchere, usipa wouma kapena mtedza wokazinga ndi mchere, nadikire kufikira atayamba kukodza. Akayamba kusokonezeka, kusinza kosadzutsika kapena kuphiriphitha, pitani naye msanga ku Mzuzu Central Hospital kapena ku St John's. Dziwaninso kuti nthenda iyi ikhoza kumgwira atafika kale kunyumba, patapita maora. Iwo amene iwagwira koposa ndiwo a thupi laling'ono ndi ochedwa pa ulendo kuposa maora 4, makamaka pa tsiku la mitambo, pamene thukuta lichepa koma munthu amwabe mwa chizolowezi. Ndipo masiku otere Mzuzu ali nao ambiri.

Munthu wokomoka wosayankha musamthire kanthu kali konse m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni cham'mbali.

KAMWEDWE NDI KADYEDWE

Mudzafunsa, nanga timwe madzi angati? Palibe muyeso umodzi wokwanira anthu onse, monga kulibe muyeso umodzi wothirira dothi la mchenga ndi la makande. Lamulo limene madokotala a othamanga abvomerezana ndi ili: imwani pamene muli ndi ludzu, lekani ludzu likatha. Kwa ambiri ichi chikwana ngati theka la lita pa ora la nchito yotentha, ndipo kupitirira lita imodzi pa ora kwa maora ambiri nkosayenera. Koma lamuloli lithandiza munthu amene madzi ali pafupi naye. Pakati pa ife bvuto lochuluka likali la munthu wopita ku munda wakutali wopanda chigubu, wofika kunyumba pakamwa pali gwa, mkodzo uli wochepa ndi wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Chotero nyamulani madzi, owiritsa kapena othira mankhwala, pakuti zitsime zosazama za m'dambo la Ching'ambo ziri pafupi ndi zimbudzi, ndipo wotsegula m'mimba ataya madzi ndi mchere koposa wa thukuta.

Kunena za mchere, nsima ya masana ndi ndiwo zache ndiyo ibwezera wambiri umene mwataya. Munthu wotaya malita 5 a thukuta wataya mchere woposa timasupuni tiwiri; akalumpha chakudya namwa madzi okha tsiku ndi tsiku, adzalefuka. Chidulo sichilowa m'malo mwa mchere pa nchito iyi, popeza mchere wa m'phulusa ndi wa mtundu wina. Kwa iye wolefuka ndi thukuta lochuluka konzani chakumwa ichi: lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere, kapena paketi ya Thanzi monga mwa malangizo ache. Chikawawa mchere kuposa misozi mwalakwitsa, tayani. Komatu chakumwa ichinso chiri ndi mchere wochepa kuposa mwazi, ndipo wochimwa mopitirira adzasungunula mwazi wache chimodzimodzi.

Musatenge mau angawa ngati chilolezo cha kunyunyira mchere m'mbale iri yonse. Pa kafukufuku wa boma wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi anali ndi nthenda yothamanga mwazi, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse lilangiza mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku, ndiwo kasupuni kamodzi. Mchere woonjezera ndi wa tsiku la thukuta lokha, ndipo wodwala nthendayi kapena ya mtima afunse kaye ku chipatala.

Zinthu ziwiri zionjezera ngozi. Kachasu wa dzulo atumiza munthu ku munda ali wouma kale. Ndipo mibulu yoletsa kuphwanya kwa thupi, monga Brufen ndi Indocid, imene anyamata a njinga aimeza m'mawa kuti msana usapweteke, ilemetsa impso pa nthawi yomwe zisowa mwazi. Musaimwe ponyamuka ulendo wautali.

Akulu amene anapita ku migodi ya Johannesburg pa Wenela akumbukira kuti munthu watsopano sanali kuikidwa pa nchito yotentha tsiku loyamba. Anali kumzoloweza masiku angapo poyamba. Thupi lisowa sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kutentha. Likazolowera lituluka thukuta msanga, ndipo thukutalo likhala la mchere wochepa. Chifukwa chache wa ku Mzuzu wopita kukagwira ganyu ku Karonga kapena m'mphepete mwa nyanja ayambe ndi theka la nchito, alime m'mamawa ndi madzulo, napume pamthunzi dzuwa liri pamutu. Wongochira malungo kapena wochepa mwazi achedwe koposa.

Mukatengera mnzanu ku chipatala, apite naye munthu amene anali naye pa nchito, kuti akauze dokotala maora amene anagwira, madzi amene anamwa, ngati anadya, ngati anakodza, ndi mibulu imene anameza. Wouma ndi ludzu ampatsa madzi a m'mitsempha a mtundu wina, wosungunuka mwazi ampatsa ena ochepa a mchere wambiri. Ndipo mau anu adzafulumiza dokotala kuyesa mwazi asanapachike botolo.