Mabushi: mphira zazing'ono zimene zigwira miyendo ya magalimoto akale

CHIPATA. Galimoto yakale ikayamba kulira kuti gu! gu! pansi pake pamene ipita pa mseu wa miyala wopita ku midzi ya ku Chadiza kapena ku Vubwi, eni ake ambiri amathamangira kugula mashokapu. Koma kawirikawiri colakwa cimakhala mabushi, timphira tating'ono timene mtengo wake ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi shokapu.

Bushi ndi mphira yolimba yomatidwa pakati pa timapaipi tiwiri ta citsulo. Imakhala pamene mkono wogwira wilo ulumikizana ndi thupi la galimoto, kumapeto kwa masipuling'i ndiponso kumapeto kwa mashokapu. Nchito yake ndi kulola wilo kukwera ndi kutsika popanda citsulo kukhulana ndi citsulo cinzake, komanso kumeza kugwedezeka kwa mseu.

Vuto limeneli silisankha galimoto. Datsun 240Z, galimoto ya liwiro imene inapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1971 ndi mu 1973, imayendera mabushi monga momwe iyendera Peugeot 504 yonyamula cimanga kapena Land Rover ya pa famu. Magalimoto a Fiat amene anali kulumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970 nawonso ndi cimodzimodzi. Citsulo ca galimoto yotere cikhoza kukhala zaka 50, koma mphira imakalamba ngakhale galimoto ili cabe ciimire pabwalo. Imauma ndi kutentha, imang'ambika, ndipo oilo yodontha kucokera ku injini imaifewetsa mpaka kukhala ngati phala. Katundu wolemera wa nthawi yokolola ndi maenje a m'nyengo ya mvula zimangofulumizitsa mapeto ake.

Zizindikiro zake ndi zodziwika. Galimoto imasokera uku ndi uku pa mseu woongoka monga wa Great East Road, imakokera mbali imodzi woyendetsa akaponda mabuleki, ndipo matayala amadyeka m'mphepete mokha. Makanika amatsimikiza mwa kulowetsa citsulo cacitali pafupi ndi bushi ndi kutipula. Mkono ukasuntha momasuka, bushi yatha.

Posintha, galimoto iyenera kukhazikidwa pa zitsulo zocirikizira, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Mabauti a galimoto yakale amakhala ndi dzimbiri, motero ndi bwino kuwathira mafuta omasulira dzulo lake. Bushi yakale imakankhidwa ndi makina opanikiza. Kumene makinawo kulibe, makanika waluso amagwiritsa nchito bauti yaitali, mawashala ndi kapaipi, n'kumamanga pang'onopang'ono mpaka bushi ituluke. Ena amaiocha ndi moto. Njira imeneyi ndi yofulumira, koma utsi wake ndi woipa ku mapapo, ndipo moto woculuka ukhoza kufooketsa citsulo ca sipuling'i. Bushi yatsopano ya mphira imalowetsedwa ndi madzi a sopo, osati girisi, pakuti mafuta amadya mphira.

Pali cinthu cimodzi cimene ngakhale amakanika ozolowera amaphonya. Mabauti a mabushi sayenera kumangidwa kotheratu galimoto ili m'mwamba mawilo akulendewera. Mphira ya bushi sizungulira pa bauti, imangopotokola. Ikamangidwa mkono uli pansi, ndiye kuti galimoto ikatsitsidwa mphirayo imakhala yopotoka nthawi zonse, ndipo imang'ambika m'miyezi yocepa cabe. Apa mwini galimoto amadzudzula wogulitsa masipeya kuti anamugulitsa zinthu zabodza, pamene colakwa cinacitikira mu garaji. Coyenera ndi kumanga mabauti pang'ono, kutsitsa galimoto kuti iime pa matayala ake, kuigwedeza kangapo, kenaka n'kumangitsa. Mabushi asinthidwe mbali zonse ziwiri pamodzi, ndipo pambuyo pake mawilo aongoledwe ndi makina a alaimenti.

Mabushi a magalimoto a zaka za m'ma 1970 ndi ovuta kuwapeza m'masitolo a masipeya a mu Chipata, ndipo nthawi zina afunika kuitanitsidwa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550, kapena kunja kwa dziko. N'cifukwa cake amisiri ena amasema mabushi kucokera ku matayala akale a mathiraki. Bushi yotere ikhoza kufikitsa munthu kunyumba ikaikidwa pa sipuling'i kapena pa shokapu, koma siyenera kukhala pa mkono wa kutsogolo umene usunga wilo pa malo ake. Palinso mabushi a pulasitiki yolimba yochedwa polyurethane. Awa saopa oilo ndipo amakhalitsa, koma galimoto imagunda kwambiri pa mseu wa miyala, ndipo amalira ngati sanapakidwe girisi yake yapadera.

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, ndilo limapima magalimoto lisanapereke ciphaso cakuti ndi oyenera kuyenda pa mseu. Miyendo yogwedera ndi matayala odyeka ndi zina mwa zifukwa zimene galimoto ingabwezedwere kuti ikakonzedwe.