“Watengera kwa bambo ake”: kodi mwana wamfupi adzakhaladi wamfupi?

Mwana akakwanitsa zaka ziwiri koma kabudula amene anamugulira pa Khirisimasi yapita akumukwanabe bwinobwino, pamene anzake obadwa nawo mwezi umodzi ayamba kale kufikira chogwirira cha chitseko, pabanja pamabuka zigamulo ziwiri. Akuchikazi amati watengera kwa bambo ake, kumene munthu wamtali sanabadweko. Akuchimuna amati musiyeni, ameneyu adzatalika yekha akamadzatha msinkhu. Zigamulo zonsezi zimaperekedwa popanda amene wagwira tepi, ndipo zonse zimathera pa mfundo imodzi, yoti palibe chochita. Madokotala a ana akhala akuyeza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo apeza kuti kutalika kwa mwana wa zaka ziwiri kumaloseradi za mtsogolo, kuposa mmene ambiri amaganizira. Koma ulosiwo umadalira chimene chafupikitsa mwanayo, ndipo kwathu kuno chifukwa chimene timathamangira kutchula, cha kumtundu, ndi chimene tiyenera kuchikayikira koyamba.

Kutalika kwa khanda pa tsiku lobadwa sikunena zambiri. Kumasonyeza mmene linakhalira m’mimba: malo amene linali nawo, chakudya chimene mayi ankapeza, ndiponso ngati mayiyo anadwala malungo kapena kuchepa magazi. Mu 1956 dokotala wa ku Britain, James Tanner, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa anthu a mumzinda wa Aberdeen ku Scotland, amene anayezedwa chaka chilichonse kuyambira pobadwa mpaka zaka 5, n’kudzayezedwanso atakula. Pa muyezo umene 0 amatanthauza kuti zinthu ziwiri sizigwirizana n’komwe ndipo 1 kuti zimagwirizana kotheratu, kutalika kwa pobadwa kunagwirizana ndi kwa ukulu mosapitirira 0.3. Pofika zaka ziwiri kapena zitatu nambala ija inali itakwera kufika pafupifupi 0.8. Pakati apa mwana amakhala akufunafuna njira yake. Amabadwa ndi masentimita 50 kapena chapomwepo, amawonjezera pafupifupi 25 m’chaka choyamba ndi 12 m’chachiwiri, liwiro limene sadzalionanso moyo wake wonse. Khanda lalikulu la makolo aafupi limachepetsa liwiro, laling’ono la makolo aatali limathamanga, ndipo ambiri mwa ana obadwa ochepa thupi amakhala atawapeza anzawo akamafika zaka ziwiri. Akafika pamenepo ana ambiri amakhazikika pa mzere wawo n’kumautsatira mpaka nthawi yotha msinkhu.

Apa m’pamene panachokera kawerengedwe kotchuka kakuti mwana wa zaka ziwiri ali pa theka la msinkhu wake. Mnyamata wa masentimita 87 pa zaka ziwiri tingamuyembekezere kudzafika chapa 174; kwa mtsikana amatenga muyezo wa pa chaka ndi theka, popeza atsikana amafulumira kukhwima. Njira ina ndi yoyang’ana makolo. Mumaphatikiza kutalika kwa bambo ndi kwa mayi, kuwonjezera 13 ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena kuchotsa 13 ngati ndi wamkazi, kenako n’kugawa pawiri. Bambo a masentimita 168 ndi mayi a 156 amapereka 168.5 kwa mnyamata ndi 155.5 kwa mtsikana. Chimene anthu amaiwala potchula masamuwa n’chakuti eni ake anaikapo malire a masentimita 8 ndi theka kukwera kapena kutsika. Mnyamata uja akhoza kudzathera pa 160 kapena pa 177, ndipo masamuwo n’kukhalabe olondola. Wina akamadzatchedwa kafupi ndipo wina chimtali, onse amakhala ali mkati mwa yankho lomwelo. Palinso chimene Francis Galton anachiona kale mu 1886, chakuti ana a makolo aafupi kwambiri kawirikawiri amakhala aafupi ndithu koma osafika pa makolo awo, monganso ana a zimphona sapitirira makolo awo kawirikawiri. Msinkhu umakonda kubwerera chapakati.

Akuchimuna aja, amene amati musiyeni, nthawi zina amalondola. Pali ana, makamaka anyamata, amene thupi lawo limangoyenda mochedwa. Amatsalira pakati pa miyezi 6 ndi zaka zitatu, kenako amakula pa liwiro labwino koma ali pansi pa anzawo, ndipo amachedwanso kutha msinkhu. Atsikana ambiri amatalika mwamphamvu chapa zaka 11 kapena 12, anyamata chapa 13 kapena 14. Wochedwayu amaonerera anzake akumusiya, mawu awo akusintha, iye akadali kamwana ka pa benchi yakutsogolo. Koma popeza nsonga za mafupa ake zimachedwa kutsekeka, amakulabe pamene anzakewo anaima, ndipo amakathera pafupi ndi msinkhu wa kwawo. Dokotala amamuzindikira pojambula X-ray ya dzanja lamanzere, imene imasonyeza kuti mafupa ake ndi a mwana wocheperapo zaka, komanso pofunsa mbiri ya banja, chifukwa nthawi zambiri bambo kapena malume ake anachedwanso chimodzimodzi. Mwana wotere kawerengedwe ka theka kaja kangamuchepetse.

Vuto lenileni lili pa chigamulo cha akuchikazi chija. N’zoona kuti msinkhu umayenda m’magazi. Kafukufuku wa mapasa m’mayiko olemera amasonyeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a kusiyana kwa misinkhu pakati pa anthu amachokera ku chibadwa, ndipo kafukufuku wa mu 2022, wa anthu oposa 5 miliyoni, anapeza malo oposa 12,000 mu DNA amene amakhudza kutalika. Koma nambala ya 80 ija inapezeka pakati pa anthu okhuta, amene chakudya ndi mankhwala sizinkawasiyanitsa kwenikweni, choncho chotsala chowasiyanitsa chinali chibadwa basi. Kumene ana ena amadya katatu ndipo ena kamodzi, gawo la chibadwa limachepa. Wina anganene kuti ife ndife mtundu waufupi, tisadziyeze ndi tepi ya azungu. Mfundo imeneyi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiyesa. Kuyambira 1997 mpaka 2003 linatsatira ana oposa 8,000 a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, onse oyamwitsidwa, a mayi osasuta fodya, okhala m’mabanja osasowa. Mpaka zaka 5, mwana wa ku Accra ndi wa ku Oslo ankakula mofanana kwambiri moti anawaika pa tchati chimodzi, chimene chinatuluka mu 2006. Mbiri ya mayiko ikunenanso zomwezo: akazi a ku South Korea obadwa mu 1996 ndi aatali ndi masentimita pafupifupi 20 kuposa obadwa mu 1896. Magazi a mtundu sangasinthe chotero m’mibadwo inayi. Chinasintha ndi mbale, madzi ndi chipatala.

Tsopano taganizirani za Malawi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mu 2010 ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo mu 2015 ndi 2016 anali 37. M’zaka za m’mbuyomo chiwerengerochi chinkapitirira theka. Ndiye kuti mwa abambo ndi amayi amene lero tikuwagwiritsa ntchito ngati tepi yoyezera ana awo, pafupifupi mmodzi mwa awiri anapinimbira ali wakhanda. Msinkhu wawo si wa chibadwa chokha. Muli njala ya 2002, muli phala lamadzimadzi, muli kutsekula m’mimba kwa dzinja lililonse. Tikati mwana watengera bambo ake, mwina tikunena kuti wakumana ndi zimene bambo akewo anakumana nazo. Ndipo pamudzi pamene ana ambiri ndi aafupi, diso limazolowera, mwana wopinimbira amaoneka ngati wamba.

Kupinimbira n’kovuta kukuona chifukwa sikufanana ndi kunyentchera. Mwana wonyentchera amachititsa mantha, nthiti zili pamtunda kapena mapazi atatupa, ndipo amathamangira naye kuchipatala kukalandira chiponde. Wopinimbira amatha kukhala wonenepa bwino, wosewera, wa masaya ake. Kungoti wa zaka zitatu amaoneka ngati wa ziwiri. Kutsalirako kumayamba ali m’mimba ndipo kumakula kwambiri pakati pa miyezi 6 ndi zaka ziwiri, pamene bere lokha silikwaniranso ndipo mwana wayamba kukwawa n’kumaika m’kamwa chilichonse chimene watola pabwalo. N’chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikira za masiku 1,000 oyamba. Mlimi amadziwa kuti chimanga chimene chasowa feteleza chisanafike m’mawondo sichibwereranso ngakhale muthire matumba awiri chitamasula, m’mera mpoyamba. Umboni wamphamvu wa kufunika kwa masiku oyambawa unachokera ku Guatemala, kumene kuyambira 1969 mpaka 1977 midzi ina inkalandira phala lopatsa thanzi lotchedwa atole ndipo ina chakumwa chotsekemera chabe. Phalalo linatalikitsa ana amene analimwa asanakwane zaka zitatu, koma kwa okulirapo silinasinthe msinkhu. Patapita zaka zambiri, amuna amene analimwa asanakwane zaka ziwiri anapezeka akulandira malipiro okwera ndi 46 pa 100 kuposa anzawo.

Ena amatsutsa kuti chitseko sichitsekeka pa zaka ziwiri, ndipo ali ndi umboni. Kumidzi ya ku Gambia, kumene akatswiri a ku Britain atsatira mabanja kwa zaka makumi angapo, ana amene anatsalira kwambiri ali aang’ono anabweza gawo lalikulu la msinkhu wawo chifukwa chochedwa kutha msinkhu n’kukula nthawi yaitali. Izi n’zolimbikitsa, ndipo zikutanthauza kuti kudyetsa bwino mwana wa zaka zinayi kapena mtsikana wa sitandade 7 si kutaya chakudya. Koma kubwezako sikukhala kwathunthu, sikuchitika kwa aliyense, ndiponso ubongo, umene umakula mofulumira m’zaka zomwezo zimene miyendo ikutsalira, sudikira zaka 15. Ena amapita mbali inayo n’kuganiza kuti pali chakudya chimodzi chimene chingakonze zonse. Ku Ecuador, dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6 linachepetsa kupinimbira ndi pafupifupi theka. Atayesa zomwezo ku Mangochi pa ana 660, msinkhu wa odya mazira sunasiyane ndi wa anzawo, mwina chifukwa ana a kunyanja ankadya kale nsomba ndipo chowabweza m’mbuyo chinali china. Nsinjiro m’phala, usipa wosinja, dzira ndi masamba n’zofunika ndithu, koma mwana amene akutsekula m’mimba mwezi ndi mwezi, kapena amene malungo sakumusiya, amataya zimene wadya. Za mabotolo ndi ufa wogulitsidwa pa intaneti kuti umatalikitsa ana tisatayirepo nthawi. Mwana wodya mokwanira sawonjezera sentimita ndi mavitamini owonjezera.

Pali funso lina loyenera kulilemekeza: nanga kufupika ndi matenda? Ayi. Munthu wamfupi wathanzi sasowa kanthu, ndipo mwana amene makolo ake ndi aafupi mwachibadwa, iye n’kumakula mosadukiza pa mzere wake wapansi, safuna mankhwala kapena chisoni cha wina aliyense. Madokotala amayeza msinkhu chifukwa ndi mboni yosanama ya zimene thupi ladutsamo kwa miyezi yambiri, pamene kulemera kumatha kukwera ndi kutsika m’sabata imodzi. Kwa atsikana okha m’pamene msinkhu weniweniwo uli ndi zotsatira zake, chifukwa mayi wamfupi kwambiri amakhala pangozi yokulirapo yovutika pobereka komanso yobereka mwana wochepa thupi, amene naye amayamba ulendo ali kumbuyo.

Zonsezi zikusonyeza kuti muyezo umodzi sukwanira, pamafunika mzere. Kusikelo chidwi chimathera pa kulemera, mwana atapachikidwa m’kabudula wa nsalu uja akulira, ndipo thabwa loyezera kutalika nthawi zina limangokhala pakona. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti mwana ayezedwenso kutalika ndi kuti nambalayo ilembedwe m’buku lake. Wosakwana zaka ziwiri amayezedwa atagona, mmodzi atagwira mutu, wina atawongola mawondo. Wamkulupo amaima wopanda nsapato, zidendene zitagunda thabwa. Pa tchati cha WHO, mnyamata wa zaka ziwiri amene sanafike masentimita 81, kapena mtsikana amene sanafike 79, ali pansi pa malire ndipo ayenera kuonedwa. Koma chofunika kuposa pamenepo ndi liwiro: pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu mwana amawonjezera pafupifupi masentimita 8, ndipo kuyambira zaka zinayi amawonjezera 5 kapena 6 pachaka. Wamfupi amene akusunga liwiro limeneli sadetsa nkhawa kwenikweni. Amene wayamba kutsika kuchoka pa mzere wake, ngakhale akadali wamtali kuposa wa neba, ndiye wofunika kufufuzidwa, chifukwa kumbuyo kwake kungakhale HIV, chifuwa chachikulu, vuto la mtima kapena impso, kuchepa mphamvu kwa chithokomiro, kapena, kwa atsikana, matenda obadwa nawo otchedwa Turner. Mwa ana ochepa, thupi silipanga mahomoni okwanira okulitsa. Lionel Messi anapezeka ndi vuto limeneli ali mwana ku Rosario, analandira jakisoni kwa zaka zingapo mafupa ake asanatsekeke, ndipo anafika masentimita 170. Nsonga za mafupa zikatsekeka, chapa zaka 15 kwa atsikana ambiri ndi 17 kwa anyamata, jakisoni yemweyo sawonjezeranso kanthu.